Mwana akufuna ntchito yofunsa anthu maganizo awo, bambo akukana

Mayi wina wa ku Bembeke wandilembera kuti mwana wake wamkazi, amene ali Fomu 4, akufuna kudzagwira ntchito ya kafukufuku wa maganizo a anthu. Bambo ake akukana. Akuti imeneyo ndi ntchito ya andale, komanso akufunsa kuti, "Kwathu kuno sanafikeko, nanga ziwerengerozo amazitenga kuti?"

Mayi, funso la bambowo ndi lomveka. Mukamagula ndowa ya kachewere pa Lizulu mumadziwa kuti zikuluzikulu zimakhala pamwamba, ndiye mumati, "Takhuthulani ndione zapansi." Maganizo a anthu alinso chimodzimodzi. Oimba foni pa wailesi, olemba pa Facebook, olankhula mokweza pa bawo ndi pamaliro, amenewo ndi apamwamba pa ndowa, ndipo enafe timangotengera zonena zawo n'kumati dziko lonse likutero. Agogo a kwa Kachindamoto opanda foni ali pansi, koma pa tsiku la chisankho voti yawo imalemera mofanana ndi ya wina aliyense. Wofufuza ntchito yake ndi kukhuthula ndowayo.

Bungwe la Afrobarometer, lomwe lakhala likufunsa Amalawi kuyambira 1999, kawirikawiri limacheza ndi anthu akuluakulu pafupifupi 1,200 okha, kudzera ku Centre for Social Research ku Zomba. Madera amawasankha mwamaere kuchokera m'kaundula wa kalembera wa National Statistical Office, yemwe mu 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni. Wofunsa saloledwa kuthamangira nyumba yamalata ya m'mbali mwa msewu. Amawerenga makomo monga anamulangizira, apa afunse mwamuna, potsatira mkazi. Zikayenda motero, nthawi zambiri zotsatira zimangophonya ndi 3 peresenti kapena kucheperapo. Choncho kusafika pakhomo panu si chinyengo ayi.

Mantha a bambowo ndikuwamvetsa. Amene anakula riferendamu ya 1993 isanachitike amakumbukira kuti kuyankha mlendo za boma kunali kuputa mavuto. Mpaka lero ena amayankha zimene akuganiza kuti mlendoyo akufuna kumva, n'chifukwa chake ntchitoyi imafuna munthu wodekha, wofunsa mosatsogolera yankho, wosunga chinsinsi. Ndipo mafunso ambiri si a zipani: ndi a feteleza, mankhwala kuchipatala, mijigo, njala.

Iwe mtsikana, limbikira Masamu ndi Chingerezi kuti upeze makirediti abwino pa MSCE. Pofunsira malo ku yunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, yang'ana maphunziro a Social Science kapena Statistics ku University of Malawi. Ambiri amayambira pa kuyenda ndi tabuleti m'midzi, ndipo ndisakubise, imeneyo imakhala ganyu ya masabata ochepa. Amene amakhazikika ndi odziwa kusanthula manambala pa kompyuta ndi kulemba lipoti lomveka. Ukadziwako Chiyao kapena Chitumbuka, mwayi umakula. Wina akakuuza kuti upereke ndalama kuti akulembe ntchito ya kafukufuku, usapereke.

Mayi, pa holide ino mupatseni kope. Afunse makomo 30, kudumpha anayi n'kulowa lachisanu, funso limodzi lokha: vuto lalikulu m'mudzi muno ndi chiyani? Akawonkhetsa mayankho, akawawerengere bambo ake madzulo.