Palladium ikada bii m'botolo, musafulumire kusiya kafukufuku

Mwandilembera kuti mukumaliza masters ku South Africa, Suzuki coupling yanu (njira yolumikizira mamolekyu awiri mothandizidwa ndi chitsulo cha palladium) ikungoda osatulutsa kanthu, ndiye mukukayika ngati mungakwanitse PhD ya catalysis ya zitsulo, kugwiritsa ntchito zitsulo pofulumizitsa kusintha kwa mankhwala. Funsoli landikhudza, chifukwa achinyamata ambiri amathawa ntchito imeneyi poganiza kuti mutu wawo ndi wochepa, chonsecho vuto ndi mpweya.

Chakudacho ndi palladium black. Chitsulo chalekana ndi phosphine, mankhwala omwe amachigwira, chaunjikana, ntchito yaima. Kawirikawiri wolakwa ndi okosijeni, amene amawononga phosphine komanso kuchititsa kuti boronic acid, imodzi mwa mamolekyu awiri olumikizidwawo, izilumikizana yokhayokha. Pd(PPh3)4, catalyst ya palladium yogwiridwa ndi phosphine, ikakhala yabwino imakhala yachikasu chowala. Ikayamba kuderako, itayeni.

Komatu kulephera sikundiopsa ngati mmene chimandiopsera chinthu chotheka mosavuta. Mu 2003 gulu la Nicholas Leadbeater linalengeza kuti lachita Suzuki coupling popanda chitsulo chilichonse. Mu 2005 iwo omwewo anapeza kuti sodium carbonate yomwe ankagwiritsa ntchito inali ndi palladium pafupifupi 50 ppb (magawo 50 pa biliyoni), ndipo kachepeko ndi kamene kankagwira ntchito yonse. Ndimawalemekeza poti anadzifufuza okha. Mu 2009 Stephen Buchwald ndi Carsten Bolm anaonetsanso kuti zina zomwe anthu ankati zikuchitika ndi FeCl3 (iron chloride) zinkachitika ndi kopa wotsalira m'mankhwalawo. Ngakhale kamaginito kotakasira kakale kamasunga palladium m'ming'alu yake. Wofufuza amene sayesa popanda catalyst sindimukhulupirira, kaya akhale pulofesa wotchuka bwanji.

N'chifukwa chake ndimakana zosankha labotale potengera dzina la mwini wake. Funsani ophunzira ake ngati Schlenk line (chida chogwirira ntchito popanda okosijeni) imagwira ntchito, ngati argon (mpweya wothamangitsira okosijeni) amatha pakati pa mwezi, ndiponso kuti NMR (makina oonera kapangidwe ka molekyu) amaidikira masiku angati. Akira Suzuki ndi Norio Miyaura anasindikiza njira yawo ku Hokkaido mu 1979, koma mphoto ya Nobel inafika kwa Suzuki, Heck ndi Negishi mu 2010. Ntchitoyi imafuna kudekha, ndipo zida zikamafaifa zaka zanu zimangopita.

Chimandipwetekanso n'chakuti palladium amakumba konko ku Bushveld ku South Africa ndi ku Great Dyke ku Zimbabwe, koma ma labotale athu amaitanitsa catalyst kunja pa mtengo wokwera.

Zoti muyese sabata ino

Gwiritsani ntchito aryl bromide, boronic acid 1.2 mpaka 1.5 equiv (poyerekeza ndi kuchuluka kwa aryl bromide), K2CO3 2 equiv, ndi dioxane yosakaniza ndi madzi 4:1. Dutsitsani argon mu solvent kwa mphindi 20 musanathire palladium, kapena chitani freeze-pump-thaw (kuumitsa ndi kuzizira, kupopa mpweya, kusungunula) katatu. Thirani 2 mpaka 5 mol% ya Pd(dppf)Cl2, yomwe imapirira mpweya, mutenthetse pa 80 °C. Boronic acid ikamasowa pa TLC (kambale koonera zomwe zili m'botolo) popanda chotuluka, ndiye kuti boron ikuduka. Sinthani mutenge pinacol ester, mtundu wa boronic acid wotetezedwa. Pambali pake ikani botolo lopanda palladium, la kamaginito katsopano.

PhD kalembereni ndithu, koma mukaone kaye labotaleyo ndi maso anu musanasaine chilichonse.