Za pampu ndi matanki awiri: Arduino, smart relay kapena PLC?

Achimwene, mwafunsa kuti pa ntchito yanu ya ku Luwinga, yopopa madzi m'chitsime kupita m'matanki awiri, chosavuta kuchilembera pulogalamu ndi chiti pakati pa Arduino (kabolodi kakang'ono koikamo pulogalamu), smart relay (kachipangizo kolamulira makina ang'onoang'ono) ndi PLC (kompyuta yolamulira makina a m'mafakitale), komanso chiti chimalola kusintha zinthu mtsogolo. Ine ndingasankhe smart relay, ndipo ndifotokoza chifukwa chake, poti ambiri muno akukulimbikitsani Arduino kaamba ka kutchipa.

Kutchipa n'zoona, ndipo pa ufulu palibe choiposa Arduino. Mumalemba mu C++, pulogalamu yolembera ndi yaulere, chilichonse chimene mwaganiza mutha kuchichita. Koma chilichonsecho mudzachilemba nokha. Madzi akamagavira m'thanki, float switch (switchi yoyandama pamadzi yodziwitsa pamene madzi afika) imangotseka ndi kutsegula, ndiye mukufunika kulemba zoti mota isamayake n'kuzima kangapo pa mphindi imodzi. Mukagwiritsa ntchito lamulo la delay() kuti pampu idikire, bolodi yonse imaima, siionanso ngati thanki ina yadzaza, choncho mumayenera kuphunzira kuwerenga nthawi ndi millis(). Magetsi akathima n'kubweranso, pampu iyambe yokha kapena idikire munthu? Pulogalamu ikakakamira, adzaidzutse ndani ngati simunaike watchdog, taimala yoyambitsanso bolodi ikakakamira? Onjezani apo kuti Arduino Uno imayendera 5V. Waya wautali wochokera pamwamba pa thanki amatola phokoso la magetsi, ndipo ndi mvula ya ziphaliwali ya kuno ku Mzuzu simungamulowetse pa pini mwachindunji popanda optocoupler, kachipangizo kodutsitsa uthenga ndi kuwala kuti magetsi a wayayo asafike pa bolodi. Contactor (switchi yaikulu yoyatsira mota) nayo ikamenya pafupi, bolodi ikhoza kuyambiranso yokha. Tsiku loyamba zimaoneka zophweka patebulo, ntchito yeniyeni imayamba mukaika m'panelo.

Smart relay, monga LOGO! ya Siemens kapena Zelio ya Schneider, inathana nazo kale zambiri mwa zimenezi. Mumangolumikiza timabokosi pakompyuta: taimala, AND, OR, latch. Float switch yogaviragavira ija mumaiikira on-delay (taimala yodikira kaye isanayatse) imodzi, basi yatha. LOGO! yoyambira ili ndi ma input 8 ndi ma output 4, ilipo ya 230V, ndipo ma relay ake amakoka koyilo ya contactor mwachindunji. Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti nthawi za taimala mumatha kuzisintha ndi mabatani apatsogolo, osanyamula laputopu. Malire ilinawo ndithu: LOGO! 8 imathera pa mabokosi 400, ndipo masamu ovuta si ake. Koma matanki awiri safika n'komwe pafupi ndi malirewo.

PLC yeniyeni, monga S7-1200 ya Siemens kapena DVP ya Delta, ndi ya pamene ntchito yakula: mamota angapo osinthana, VFD (chosinthira liwiro la mota) yoyankhula nayo pa Modbus (njira yotumizirana mauthenga pakati pa zipangizo), sensa za 4-20mA, sikirini ya woyendetsa makina. Kagwiridwe kake n'kofanana ndi ka smart relay: imawerenga ma input onse, n'kudutsa pulogalamu yonse, n'kulemba ma output, kenako n'kubwereza, kambirimbiri pa sekondi. N'chifukwa chake taimala imodzi siimitsa zina. Pulogalamu ya ladder imaoneka ngati chojambula cha mawaya a ma relay, ndipo si mwangozi. PLC zoyambirira, monga Modicon 084 ya 1969, anazipangira mafakitale a magalimoto a General Motors kuti zilowe m'malo mwa makabati a ma relay, amisiri a zamagetsi n'kumatha kuziwerenga. Muyezo wa zilankhulo za PLC wa IEC 61131-3, womwe unatuluka mu 1993, umalolanso Structured Text, pulogalamu yolembedwa m'mizere ya mawu, pochita masamu. Komanso mukalumikiza laputopu makina akuyenda, mumaona mzere umene wagwira ndi umene wakana, choncho vuto silichedwa kupezeka. Chopweteka ndi poyambira: TIA Portal, pulogalamu yolembera S7-1200, ndi yogula laisensi, imalemera pakompyuta, ndipo kuizolowera kumatenga nthawi. WPLSoft ya Delta ndi yaulere, n'chifukwa chake ophunzira ndimawalangiza kuyambira kumeneko.

Tsono funso lanu la kusintha mtsogolo mulifunse motere: adzasinthe ndani? Inu mukadzapita ku Lilongwe, pampu n'kuima Loweruka madzulo, mmisiri wa ku Chibavi kapena Katoto amene amadziwa star-delta (njira yoyatsira mota ya three phase) adzatsatira ladder kapena timabokosi tija. Mizere ya C++ imene munalemba usiku, mwina ngakhale inu mwini idzakuzunguzani pakatha chaka. Zimandiwawa kuona panelo yabwino itadulidwa mawaya, pampu akuiyatsa pamanja, chifukwa chakuti wolemba pulogalamu anachoka.

Ngati mukufuna kumaona kuchuluka kwa madzi pafoni, ikani ESP32 (bolodi yaing'ono ya Wi-Fi) pambali, izingowerenga ndi kutumiza, isalamulire mota. Ikafa, madzi apitirira kubwera. Overload (chozimitsa mota ikakoka magetsi ochuluka) ndi batani loimitsa mwadzidzidzi zikhale pa waya, osati m'pulogalamu, kaya mwasankha chiti. Muikenso switchi ya manual ndi auto. Ndipo ngati akulemberani ndi munthu wina, mugwirizane asanayambe kuti adzakusiyirani fayilo ya pulogalamu ndi pasiwedi yake.

Mundiuze kuti ma float switch alipo angati, mota ndi ya ma kW angati, ya single kapena three phase, ndiponso ngati chitsime chimaphwa m'chilimwe, chifukwa chikamaphwa pakufunika input ina yoteteza pampu kuti isayende yopanda madzi. Tikawerenga zimenezo tidziwa ngati ma input 8 akukwanirani kapena muonjezere module.