Amalume, munthu wogona pamwala uja ndi William Marshal

Eya amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pa chithunzi chija ndinaponya pagulupu pano, cha chiboliboli cha munthu wogona chagada atagwira lupanga. Mwafunsa kuti ndi ndani, komanso ngati mtundu wake ulipobe lero. Nkhaniyi ndi yaitali, ndiye ndingolankhula, mumvere mukapeza mpata.

Chibolibolicho chili m'tchalitchi cha Temple ku London, ndipo amati ndi cha William Marshal, amene anaikidwa m'manda momwemo mu 1219. Anali wa mtundu wa Anormani, aja anachokera ku Normandy, kumpoto kwa France, n'kulanda England mu 1066. Pa nthawi yakeyo anali atakhazikika ku England koma ankalankhulabe Chifalansa. Ntchito yake inali nkhondo ya pakavalo, atavala malaya olukidwa ndi timphete tachitsulo.

Tamverani za ubwana wake, amalume. Mu 1152 mfumu Stephen inazinga linga la bambo ake, John Marshal, ku Newbury. Bambowo anapempha kuti nkhondo iime kaye, n'kupereka mwana wawo William, wa zaka 5 kapena 6, ngati chikole. Kenako anaphwanya pangano. Mfumu inatumiza uthenga kuti imupachika mwanayo. Bambo ake anayankha kuti mpachikeni, nyundo ndi chipala ndikadali nazo, ndisula ana ena abwino kuposa ameneyo. Bambo womubereka, amalume! Anamumvera chisoni ndi mdani, Stephen yemweyo, osamupha.

Popeza sanali mwana woyamba, analibe malo oti adzalowe. Anamutumiza ku Normandy kwa wachibale, William de Tancarville, kukaphunzira zankhondo. Chuma chake choyamba anachipeza m'mipikisano ya asilikali apakavalo. Musaganize kuti anali masewera a pabwalo. Magulu awiri ankathamangitsana m'minda ndi m'midzi, ukagwira mnzako umatenga kavalo wake ndi zida zake, iyenso n'kulipira dipo kuti umumasule. Ali pafupi kumwalira ananena yekha kuti anagwira asilikali okwana 500. Imakambidwanso nkhani yoti tsiku lina anthu anamufunafuna kuti amupatse mphoto, n'kukamupeza kwa wosula zitsulo ataika mutu pa chitsulo chosulirapo, akumumenya ndi nyundo kuti chisoti chophwanyika chivuke.

Mu 1168 anavulazidwa pantchafu n'kugwidwa pamene ankateteza mfumukazi Eleanor wa ku Aquitaine, mkazi wa mfumu Henry II, ndipo mfumukaziyo ndi imene inamuwombola. Kuyambira pamenepo anatumikira nyumba yachifumu pafupifupi moyo wake wonse. Anaphunzitsa zankhondo Henry wamng'ono, mwana wa mfumu Henry II, ndipo mnyamatayo atamwalira mu 1183, William ananyamula chovala chake mpaka ku Yerusalemu monga anamulonjezera. Mu 1189, Richard, mwana wina wa Henry II, ataukira bambo ake, William anakumana naye maso ndi maso pafupi ndi Le Mans, n'kubaya kavalo, mwini wake n'kumusiya wamoyo. Patangopita milungu yochepa Richard yemweyo anakhala mfumu, ndipo m'malo mobwezera anamulola kukwatira Isabel de Clare.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. William anali ndi zaka zoposa 40, Isabel pafupifupi 17. Mtsikanayu anali mwana wa Richard de Clare, uja ankamutcha Strongbow, ndipo mayi ake Aoife anali mwana wa mfumu ya Leinster ku Ireland. Malo onse aakulu amene William anadziwika nawo, Chepstow ndi Pembroke ku Wales, Leinster ku Ireland, anawapeza kudzera mwa mkaziyu. Lupanga linamupatsa dzina, koma nthaka inali ya kuchikazi.

Za ukalamba wake ndingodutsa mwachangu. Anakhala kumbali ya mfumu John ngakhale John anamuzunza, anali nawo ku Runnymede mu 1215 pa pangano la Magna Carta, lija loika malire pa mphamvu za mfumu, ndipo John atamwalira mu 1216 akuluakulu anamusankha kuti ayendetse dziko m'malo mwa Henry III, mwana wa John wa zaka 9. Mu May 1217, ali ndi zaka pafupifupi 70, anatsogolera yekha nkhondo ya ku Lincoln n'kugonjetsa Afalansa ndi oukira. Anamwalira pa 14 May 1219 ku Caversham.

Tsopano funso lanu lija la zidzukulu. Iye ndi Isabel anabereka ana 10, amuna 5, akazi 5. Amunawo analowa udindo wa bambo awo motsatizana, ndipo aliyense anamwalira osasiya mwana wa m'banja woti alowe m'malo. Woyamba, nayenso dzina lake William, anapita mu 1231. Richard anafa mu 1234 ndi mabala a kunkhondo ku Ireland ataukira Henry III. Gilbert anagwa pakavalo pampikisano mu 1241, phazi litakola, kavalo n'kumukhwekhwereza. Walter ndi Anselm anatsatizana kumapeto kwa 1245, wina mu November wina mu December. Zaka 26 zokha chimwalirireni bambo awo, dzina loti Marshal linazima m'banjamo. Mmonke wina wolemba mbiri, Matthew Paris, anati linali temberero la bishopu wa ku Ferns ku Ireland, amene William anamulanda minda iwiri. Ine sindiikira kumbuyo zimenezo, chifukwa anazilemba zinthu zitachitika kale, ndipo awiri mwa anawo anaphedwa ndi ntchito yomweyo imene inalemeretsa bambo awo.

Ambiri akafika apa amati banja linatha. Ine zimenezo zimandipweteka, amalume, chifukwa kwathu kuno inu mukudziwa kuti mbumba ndi imene imasunga mudzi. Ana aakazi aja, Maud, Isabel, Sibyl, Eva ndi Joan, onse anabereka, ndipo malo onse anagawidwa kwa iwo ndi ana awo. Maud anakwatiwa ndi Hugh Bigod wa ku Norfolk, ndipo udindo wa Marshal, wa kunyumba yachifumu umene banjali linatengerako dzina, unapita kwa mwana wake Roger. Udindowo unadutsa m'manja ambiri pambuyo pake, koma lero uli ndi Duke wa Norfolk, amene anakonza mwambo wa maliro a mfumukazi Elizabeth II mu 2022 ndi wolonga ufumu Charles III mu 2023. Mwana wamkazi wa Joan anakwatiwa ndi William de Valence, m'bale wake wa Henry III wa mimba imodzi, n'kupita naye Pembroke. Isabel anakwatiwa ndi Gilbert de Clare, mwana wawo wamkazi n'kukwatiwa ku banja la Bruce ku Scotland, ndipo mdzukulu wa mayi ameneyo ndiye Robert the Bruce, amene anakhala mfumu ya Scotland mu 1306. Kudzera mwa mwana wake Marjorie kunabadwa mafumu a banja la Stewart, ndipo Charles amene ali pampando panopa amachokera mumzere umenewo.

Ndiye alipo amalume, ambirimbiri, kungoti sayitanidwa ndi dzina lake. Apatseni moni azakhali, muwauze kuti ndiyimba Lamulungu.