Achemwali, mwanayo akumva, musataye mtima

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba za mwana wanu wa Down syndrome yemwe akuchedwa kuyankhula, mtima ukundiwawa. Wanganso pa zaka zitatu mawu ake anali "mama" basi, zina zonse kuloza ndi chala.

Kusukulu ya mkaka madamu ankamuimika kutsogolo kuti anene masiku a pasabata pamtima. Akafika Lachiwiri ankaima, maso pansi. Tsiku lina ndikupita kukamutenga ndinamupeza atamugwaditsa pakhomo, dzuwa lili phwee, atadzikodzera, nsapato imodzi ili uko, anzake atamuzungulira akuseka. Sankalira n'komwe, anangondigwira chitenje. Madamuwo pamaso pa makolo ena akuti, "Uyu mutu wake sugwira, mukungotaya fizi." Ndinamubereka kumbuyo, ulendo, sitinabwererenso. Kunyumba nako alamu anga anali atafalitsa kale kuti tinamukhwimira mwanayu, ati ndondocha yoyendetsa geni. Munthu wopemphera ameneyo! Mpaka lero moni wanga sauona.

Palibe anamulodza wanuyo. Down syndrome mwana amabadwa nayo: mwa tinthu tonyamula chibadwa m'thupi totchedwa ma chromosome, ali ndi chromosome 21 yowonjezera, ali nazo 47 m'malo mwa 46. Ana athuwa zomwe angomva ndi khutu zimawapulumuka msanga, koma zomwe aona ndi maso zimakhazikika. Amamvetsa zambiri kuposa zomwe pakamwa pangatulutse, minofu yake imakhala yofooka. Wanga yemweyo wolephera masiku a pasabata ankadziwa pomwe ndabisa shuga, nditangobisa kamodzi iye akuona.

Yambani ndi makutu. Ambiri amakhala ndi madzi mkati mwa khutu, amamva ngati ali pansi pa bulangete, inu n'kumati ndi mwano. Ku chipatala cha Queens ku Blantyre amayeza makutu. Pemphaninso ayeze chithokomiro, chikafooka mwana amangokhala lefu.

Kunyumba musamamuunjikire mawu. Osati "pita kuchipinda ukatenge kapu ubwere nayo kuno". Muonetseni kapuyo, nenani "kapu", dikirani ayankhe, musamuyankhire. Onjezani zizindikiro za manja za kudya, madzi, zatha. Sizichedwetsa kuyankhula ayi, kwa ife ndi zomwe zinachepetsa kulira kwaukali. Jambulani anthu apakhomo, lembani mayina pansi pa zithunzizo. Wanga anayamba kuzindikira mawu olembedwa asanathe kuwatchula bwino.

Koma sukulu musamuchotse, amaphunzira poonera anzake. Aphunzitsiwo apiteni pansi, afotokozereni modekha, ambiri sanauzidwepo zimenezi. Akangomugwaditsa kamodzi, ndiuzeni, tipitira limodzi kwa ahedi.