Ngodya ziwiri ndi mbali imodzi: mbali zinazo tizipeza bwanji?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili Fomu 4 ndipo ndikukonzekera mayeso a MSCE. Thirayango ikakhala ndi ngodya ya madigiri 90 sindivutika nayo, koma akandipatsa yopanda ngodya imeneyi, n'kundiuza ngodya ziwiri ndi mbali imodzi basi, ndimasowa pogwira. Ndithandizeni. Wophunzira, ku Dedza.

YANKHO: Pogwira ndi pa ngodya yachitatu, imene sanakupatseniyo. Ngodya zitatu za thirayango iliyonse zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Tiyerekeze kuti mu thirayango ABC, ngodya A ndi 40°, B ndi 65°, ndipo mbali AB ndi masentimita 12. Ndiye kuti C ndi 180 − 40 − 65 = 75°.

Kenaka jambulani thirayangoyo, ngakhale mongoyerekeza, n'kutchula mbali zake. Mbali iliyonse imatenga chilembo chaching'ono cha ngodya yoyang'anizana nayo, osati imene yagundana nayo. AB yayang'anizana ndi C, choncho ndi c. BC ndi a, AC ndi b. Ophunzira ambiri amagwera pomwepa, masamu enieni asanayambe n'komwe.

Lamulo lotithandiza ndi sine rule:

a/sin A = b/sin B = c/sin C

Lamuloli limagwira ntchito mukakhala ndi mbali imodzi yodziwika pamodzi ndi ngodya yake yoyang'anizana nayo. Kwa ife awiriwa ndi c ndi C, n'chifukwa chake tinayamba tapeza 75° ija. Tsopano:

a = 12 × sin 40° ÷ sin 75° = 12 × 0.6428 ÷ 0.9659 = 7.99 cm

b = 12 × sin 65° ÷ sin 75° = 12 × 0.9063 ÷ 0.9659 = 11.26 cm

Musanapite ku funso lina, onani ngati mayankhowa akumveka. Mbali yaitali kwambiri imayang'anizana ndi ngodya yaikulu kwambiri, yaifupi ndi ngodya yaing'ono. Pano 12 ali ndi 75°, 11.26 ali ndi 65°, 7.99 ali ndi 40°. Zikugwirizana. Mukadapeza a = 18, mukadadziwa pomwepo kuti mwatembenuza masine awiriwo pogawa.

Chinanso chimene chimatimvetsa chisoni ndi kakyuleta. Mwana amatsata njira yonse bwinobwino koma makina ali pa RAD kapena GRA (miyeso ina ya ngodya) m'malo mwa DEG (madigiri). Yesani musanalowe m'chipinda cha mayeso: dinani sin 30. Ikatulutsa 0.5 zili bwino. Ikatulutsa −0.988 ili pa RAD, ikatulutsa 0.454 ili pa GRA. Komanso musafupikitse manambala pakatikati; sin 75° mukaiyesa 1, yankho lanu lichoka pa 7.99 kufika pa 7.71. Fupikitsani pamapeto pokha. Ndipo SOHCAHTOA ija, njira yokumbukira sin, cos ndi tan, muisiyire thirayango ya ngodya ya 90°, pano siigwira.

FUNSO: Ife a komiti ya chitukuko m'mudzi mwathu tikufuna kudziwa kukula kwa mtsinje pamalo pomwe tikupempha mlatho, koma madzi ndi ambiri, chingwe sitingawolotse. Kodi masamuwa angatithandize? Mlembi wa komiti, ku Chikwawa.

YANKHO: Angathandize ndithu, bambo, ndipo simunyowa ndi phazi lomwe. Sankhani mtengo woonekera bwino kutsidya, pafupi ndi madzi, tiutche C. Kutsidya kwanu kuno khomani zikhomo ziwiri, A ndi B, m'mphepete mwa madzi pamalo owongoka, ndipo yezani mtunda wapakati pake ndi tepi. Tinene kuti ndi mamita 50. Mutaima pa A, yezani ngodya yapakati pa chikhomo B ndi mtengo uja. Chitaninso chimodzimodzi pa B. Pulotirakita yaikulu ya pabolodi ya kusukulu, yoikidwa pathabwa logona bwino, ndi misomali iwiri yolozera, ikwanira.

Mukapeza 70° pa A ndi 60° pa B, ngodya ya pamtengo ndi 50°. Mtunda wochokera pa A kufika pamtengo ndi 50 × sin 60° ÷ sin 50° = 56.53 m. Koma umenewu ndi mzere wopendekera. Kukula kwenikweni kwa mtsinje ndi 56.53 × sin 70°, pafupifupi mamita 53.

Chenjezo lathu lalikulu lili pa kutalikirana kwa zikhomo. Zikayandikana kwambiri, ngodya ya pamtengo imachepa, ndipo kulakwitsa pang'ono kumakula. Ngodyayo ikakhala 5° inu n'kupeza 4°, yankho limakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ikakhala 50°, kuphonya digiri imodzi kumasuntha yankho ndi mita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Choncho zikhomo zitalikirane mofanana ndi m'mene mukuganizira kukula kwa mtsinjewo, ndipo ngodya iliyonse muiyeze katatu, anthu osiyana. Nambala imeneyi ndi yokwanira kulemba m'kalata yopempha thandizo; pomanga penipeni akatswiri oyeza malo adzabwera ndi zida zawo, adzayezanso pomwe madzi amafika nthawi ya dzinja.