Yankho kwa achimwene oitanidwa ku Thanksgiving

Achimwene, mwati mnzanu wakuntchito ku America wakuitanani ku Thanksgiving, ndipo mukufunsa kuti amadya chiyani komanso mutenge chiyani. Limeneli ndi phwando lothokoza la chaka ndi chaka, ndipo limakhala pa Lachinayi la nambala 4 mu Novembala.

Ndiwo yaikulu ndi nkhukundembo yathunthu yowotcha mu uvuni. Ya makilogalamu 6 imatenga pafupifupi maola atatu kuti ipse, ndipo amaikamo kapena kuphika padera buledi wonyenyanyenya wosakaniza ndi anyezi ndi zokometsera. Kunena zoona, nyama yake imakonda kuuma, n'chifukwa chake msuzi wake musausiye. Pambali pamakhala mbatatesi yosinja ndi batala, zitheba, mbatata yotsekemera, ndi jamu wowawasa wa zipatso za cranberry. Jamuyo amadyera nyama! Poyamba zimadabwitsa, koma lawani kaye.

Pomaliza amabweretsa pai wa maungu wothira sinamoni.

Za chotenga, funsani kaye mwini nyumba, chifukwa amagawana pasadakhale zakudya zoti aliyense abweretse. Akakusiyirani ufulu, phikani chigumu. Chimafanana ndi buledi wawo wa ufa wa chimanga, ndiye sadzachiona chachilendo. Nkhukundembo yokha musatenge, imeneyo ndi ya eni nyumba.