Njinga yangongole: mukwera ndinu kapena ikukwerani ndiyo?

Wowerenga wina walemba kuti: "Ndakhala ndikusunga ndalama kwa miyezi 8 kuti ndigule njinga ya m'mapiri. Ndikufuna ndizitchova mitunda italiitali m'tinjira ta m'tchire, zija amati cross-country. Ndapeza ziwiri. Ina ili ndi shock kutsogolo kokha, ina kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Yachiwiriyi ndiyo yandidya mtima, koma mtengo wake ukuposa ndalama yanga ndi theka. Wina wati andibwereka yotsalayo, chiwongoladzanja 10 pa 100 iliyonse pamwezi, ndidzabweze pakatha chaka. Yabwino ndi iti?"

Achimwene, kalata ngati yanuyi ndaiwerengapo kambirimbiri, chimasintha ndi dzina la katundu basi. Dzulo inali foni, lero ndi njinga. Mwafunsa za shock, zida zija zochepetsa kugwedezeka pa mabampu, koma ine maso anga akodwa pa mawu omwe mwawabisa kumapetowo, a munthu wachifundo amene akufuna kukubwerekani ndalama. Tiyambire pamenepo.

Tinene kuti mwasunga 100. Njinga yakusangalatsaniyo ndi 150, ndiye mubwereka 50. Chiwongoladzanja ndi 5 mwezi uliwonse, miyezi 12 chikwana 60. Mubweza 110 pa ngongole ya 50, ndipo njinga ya 150 ija mwaigula pa 210. Kutereku mwagula njinga ziwiri za msinkhu wa thumba lanu, imodzi n'kumusiyira wokongozayo, amene sanatchoveko ngakhale kamodzi. Ikanakhala njinga yonyamulira katundu kapena anthu, yobweretsa kenakake madzulo, bwenzi tikukhala pansi n'kuona ngati ingadzilipire yokha. Yanuyi ndi yamasewera. Ntchito yake ndi kukutulutsani thukuta ndi ndalama. Ndipo tsiku lomwe mudzaituluke nayo m'sitolo, mtengo wake udzayamba kutsika pomwe ngongole ikukwera. Anthu okongoza ndalama amasekerera bwino kwambiri mwezi woyamba, akakuonani mwezi wachinayi nkhope ndi ina.

Tsono za njingazo. Pa ndalama yochepa, tengani ya shock kutsogolo kokha, imene amati hardtail. Chifukwa chake n'chapafupi. Kuti fakitale iike shock kumbuyo, pamafunika felemu yopindika, mabering'i angapo m'malo opindikiramo, ndi shock yachiwiriyo. Zonsezi ndi ndalama, ndipo ngati mtengo wakhalabe wotsika, dziwani kuti adula kwina: mabuleki ofooka, marimu olemera, magiya odumphadumpha, foloko (chogwira tayala lakutsogolo, momwe mumakhala shock) ya sipuling'i yomwe imangonjanja ngati bedi lakale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa chitunda, mphamvu ina yomwe mukuponda nayo imathera m'kunjanjako. Inde, akatswiri ambiri a cross-country, masewera omwe analowa mu Olympics mu 1996 ku Atlanta, masiku ano amakwera za shock ziwiri. Koma awo njinga amawagulira ndi makampani, ndipo makaniko amawadikirira kumapeto kwa mpikisano. Inu akukudikirani ndi wokongoza uja.

Pa hardtail yanuyo yang'anani zinthu zochepa chabe. Felemu ikhale ya msinkhu wanu, chifukwa china chilichonse mungasinthe pambuyo pake koma felemu ndiye njingayo. Foloko ikhale yopopa mpweya ngati ndalama ikulola, yolowa mamilimita 100 mpaka 120, ndizokwanira pa masewera anuwa. Mabuleki akhale a disiki oyendera mafuta. Magiya a mtundu wa Shimano Deore ndi abwino kale, musavutike kufunafuna apamwamba kuposa pamenepo. Matayala a mainchesi 29 amadutsa bwino pa mizu ndi miyala. Za utoto ndi zomatamata, izo n'zanu.

Cholakwa chachikulu chomwe ndikuchiona m'kalata yanu sindicho ngakhale cha ngongole. Mukuganiza kuti mtengo wa njinga ndi womwe walembedwa pa kapepala kaja. Ayi. Njinga imadya tsiku lililonse lomwe yayenda. Tcheni chimatalika, ndipo pa njinga za magiya 11 kapena 12 kumbuyo chimafunika kusintha chikangotalika ndi 0.5 pa 100. Kachitsulo koyezera tcheni n'kotchipa kwambiri. Mukanyalanyaza, tcheni chakuthacho chimadya mano a magiya akumbuyo ndi akutsogolo omwe, n'kupezeka mukugula zitatu m'malo mwa chimodzi. Kampani ya RockShox, yopanga mafoloko, imalangiza kuti foloko izitsegulidwa n'kuthiridwa mafuta atsopano pakatha maola 50 mukuyenda. Mukamatchova maola 5 pa sabata, ndiye kuti masabata 10 okha. Tsopano onjezerani shock yakumbuyo ija ndi mabering'i ake, muone ngati mungakwanitse uku mukubweza ngongole.

Ndiye 100 yanu ija igaweni chonchi: 70 ya njinga, 10 ya chipewa choteteza mutu, pampu, chubu chapadera ndi mafuta a tcheni, 20 ikhale pambali osaikhudza. Ndikudziwa, mwakwinya nkhope. Mukuti 70 sigula njinga yooneka. Igula, mukalolera yoti wina anakwerapo kale. Alipo ambiri omwe anagula ndi changu ngati chanuchi, atakwera kanayi miyendo n'kuwawa, pano ili kuseri kwa chitseko ikuyanikidwa zovala. Mukaipeza, itembenuzeni matayala m'mwamba. Pansi pa felemu, pomwe pamazungulira mapedulo, pamakhala nambala. Ifanane ndi ya pa lisiti, kuopa kugula yakuba. Yang'anani ming'alu m'malo owotcherera. Gwirani tayala, ligwedezeni uku ndi uku, lisachite gwedegwede. Finyani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga, mumve ngati kukhosi kwake kukugogoda.

Ndipo gulani kakope. Owerenga akale atopa nane pa nkhani imeneyi, koma sindisiya. Tsamba loyamba lembani tsiku logula, mtengo ndi nambala ija, lisiti mumate pomwepo. Kenako chilichonse: tcheni tsiku lakuti, mabuleki tsiku lakuti, maola omwe mwayenda sabata ino. Anthu amandiuza kuti zonse zili m'mutu, koma ndikawafunsa kuti chaka chathachi njinga yadya zingati, amayang'ana kudenga. Wopanda kope sadziwa kuti maola 50 akwana liti, amangomva foloko ikulira. Ndiponso tsiku logulitsa, munthu wa kope amatchula mtengo mosachita chibwibwi, wogula n'kuvomera, chifukwa mbiri yonse akuiona ndi maso.

M'kope momwemo musiye tsamba la obwereka. Adzabwera ndithu, mlamu kapena mphwanu, kuti angofika nayo apa pompa. Ikabwera rimu itapindika, aliyense adzati anaipeza choncho.

Wokongoza uja mukamuthokoze bwinobwino, mumuuze kuti mwasintha maganizo. Akakutsitsirani chiwongoladzanja kufika pa 8, muwerengenso nokha: 4 pamwezi, 48 pachaka, pa ngongole ya 50. Pakatha miyezi itatu mundilembere, munditumizire ndi zomwe zili pa tsamba lachiwiri la kope lija.